Emulator ya magemu akale: Loweruka langa lonse ndi R150 zinapita chifukwa cha sevu

Pano mtima wakhala pansi, ndiye ndikutha kulemba. Mwezi wathawu ndikanakhala ndi mwala m'manja pa kashopu kena kokonza mafoni, bwenzi lero ndili ku Sun City, ija ya akaidi osati ya alendo.

Ine ndine mlonda, ndimagwira usiku ku Randburg, kugona ndimagona ku Rosettenville. Amene munalonderapo mukudziwa kutalika kwa usiku wa m'nyengo yozizira kuno ku Johannesburg. Ndili mwana ku Balaka tinali ndi ka Brick Game kaja kolembedwa 9999 in 1, koma mwana wa aphunzitsi ena anali ndi Game Boy Advance (GBA) yeniyeni, ija Nintendo anatulutsa mu 2001. Ife tinkangosuzumira paphewa pake akusewera Pokémon. Ndiye alamu anga atandiuza kuti foni yangayi ikhoza kusewera magemu omwewo ndikaikamo emulator, pulogalamu yochititsa foni kugwira ntchito ngati makina a magemu akalewo, sindinafunse kawiri.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kutenga yoyamba yomwe inatuluka pamwamba nditasaka. Dzina lake sinditchula. Inali yaulere, koma ukati useve, kaye uonere malonda a masekondi makumi atatu, bando ikungotha. Ndinapirira chifukwa gemu inkayenda bwinobwino. Zoona zake n'zoti magemu a Game Boy ndi GBA sasowa foni yamphamvu, sikirini ya GBA inali ya 240 kwa 160 basi, ndipo Pokémon Emerald yonse ndi 16MB. Kafoni kanga ka RAM ya 2GB kamaiyendetsa osatentha n'komwe. Choncho musamasankhe emulator poyang'ana kuti iti ikuthamanga. Zonse zimathamanga. Funso ndi lakuti sevu yanu, kafayilo kosunga pomwe mwafika pa gemu, ikuisunga kuti, ndipo mungathe kuikopera kwina kapena ayi.

Zimenezi ine sindinkadziwa. Ndinasewera miyezi iwiri, mabaji asanu ndi awiri (aja umapata ukagonjetsa akatswiri a mu Pokémon) m'thumba, kenako pulogalamu ija itadzikonza yokha usiku wina, inayamba kumangotseka ndikaitsegula. Ndinazimitsa foni, kuyatsanso, chimodzimodzi.

Loweruka nditaweruka m'mawa, m'malo mokagona ndinakwera taxi kulowa m'tauni. Pafupi ndi Bree pali timashopu ta mafoni tambirimbiri, ndipo alamu anali atandilozera kena komwe kamakonza mnyamata wa kwathu. Ndinafika cha m'ma 8 koloko, kotseka. Ndinaima pakhonde mphepo ikundimenya mpaka 10 koloko. Atafika anali ndi anthu anayi patsogolo panga, onse masikirini osweka. Ine maso ali psuu, tulo. Itafika nthawi yanga ndinamufotokozera bwinobwino kuti vuto si foni, koma gemu, ndipo chomwe ndikufuna n'choti pomwe ndafika pasatayike.

"Achimwene musadandaule, iyi ndi nkhani yaing'ono. R150 yokha."

Ndinalipira. Anandiuza ndikazungulire kaye. Nditabwerako cha m'ma 1 koloko anandipatsa foni akumwetulira, pulogalamu ikutseguka bwinobwino. Ndinadina gemu. Inandifunsa ngati ndine mnyamata kapena mtsikana. Anthu inu, miyendo inazizira. Munthuyo anangochotsa pulogalamuyo n'kuiikanso, ntchito yoti ngakhale mwana wanga wa sitandade 4 akanaichita ulere. Nditamufunsa za sevu anati, "Aa, koma achimwene gemu si iyi ikuseweredwa?" Ndalama sanabweze. Anati ntchito wagwira. Ndinafika kunyumba 4 koloko, 6 koloko ndikuyenera kukhala pa geti, osagona, osadya, R150 kuphatikiza ya taxi zapita.

Chomwe chinachitika ndinadzachimvetsa pambuyo pake. Kuyambira pa Android 11, mapulogalamu ambiri amasunga zinthu zawo m'foda ya Android/data, yomwe sulowamo mwachisawawa, ndipo ukachotsa pulogalamu, foda yakeyo imapita nayo limodzi. Ndiye musanapereke foni kwa aliyense, kaya ndi wa kwanu kaya mumapemphera naye, koperani sevu yanu muiike kwina. Dzitumizireni pa WhatsApp ngati palibe njira ina. Ndi kafayilo kakang'ono kwambiri, ka Emerald ndi 128KB.

Ndaiwala kunena, ndinali ndi fayilo imodzi yomwe ndinakoperapo kale mwangozi, ndiye ndinkaganiza kuti ndapulumuka. Ayi ndithu. Sevu zilipo za mitundu iwiri. Pali ija umasevera m'kati mwa gemu mwenimwenimo, monga ankachitira pa katiriji (kabokosi komwe gemu inkabweramo), imatuluka ngati fayilo ya .sav kapena .srm. Ndiye pali save state, yomwe emulator imangojambula pomwe uli nthawi imeneyo. Save state ndi yokoma chifukwa bwana akatulukira umangodina kamodzi n'kuika foni m'thumba, koma nthawi zambiri imatseguka mu emulator yomwe inaipanga yokha. Yanga inali save state, ya pa baji yachiwiri, ndipo emulator yatsopano inaikana. Miyezi iwiri yonseyo sindinaseveko m'kati mwa gemu ngakhale kamodzi, ulesi. Apa ndiye sindingaloze munthu chala.

Tsopano zomwe ndinayesa nditayambiranso. RetroArch ndi imene anthu odziwa amaitama, ndipo n'zoona imachita zambiri, koma imafuna munthu wodekha. Payokha siisewera kanthu, umayenera kutsitsa ma core (timapulogalamu toyendetsa magemuwo), iliyonse ya makina ake: mGBA ya GBA, Gambatte kapena SameBoy ya Game Boy ija ya 1989 ndi Game Boy Color ya 1998, melonDS ya Nintendo DS. Ine ndi mutu wa tulo 3 koloko m'bandakucha ndinasochera m'mamenyu, ndinaisiya. Ubwino wake ndi woti umasankha wekha foda ya sevu.

Pomwe ndinakhazikika ndi pa Lemuroid. Imagwiritsa ntchito ma core omwewo a Libretro, aja a mu RetroArch, koma umangoilozera foda ya magemu, iyo n'kusankha yokha. Ilibe malonda, ndi yaulere. Amene muli ndi kompyuta, mGBA ili ndi pulogalamu yakeyake, ikani imeneyo musavutike. A iPhone muli ndi Delta, inalowa mu App Store mu 2024 Apple atayamba kulola ma emulator. Za PSP ija ya Sony palibe zokambirana, ndi PPSSPP, kungoti magemu ake ndi aakulu, ena amapitirira 1GB, ndiye musayerekeze pa bando ya R29. Pa kafoni kofooka tsitsani rendering resolution ifike pa 1x, apo ayi mawu amayamba kudukaduka ngati wailesi ya mabatire otha.

Chinanso choti muyese tsiku loyamba lomwe, musanapite patali: wotchi. Pokémon Ruby, Sapphire ndi Emerald zinali ndi kabatire m'katiriji koyendetsa nthawi. Emulator ikapanda kuyendetsa wotchi imeneyo, gemu imakuuzani poyamba pomwe kuti batire yam'kati yatha, ndipo zipatso zomwe mwadzala sizimera. Mukaona uthenga umenewo, fufuzani RTC (ndiyo wotchiyo) m'masetingi kapena sinthani emulator musanataye nthawi. Ndipo sevani m'kati mwa gemu, tsekani pulogalamu yonse, tsegulaninso muone ngati zabwerera. Kenako pezani kafayiloko ndi maso anu, mukakopere kwina. Ndikubwereza dala.

Magemu enieniwo musandifunse kowatenga. Emulator siibwera ndi gemu, ndipo magemuwo ali ndi eni ake. Nintendo saseka pankhaniyi, mu 2024 anatengera kukhoti opanga Yuzu, emulator ya Switch, mpaka inatsekedwa, Citra ya 3DS n'kupita nayo. Alamu anga ali ndi makatiriji awo akale ndi kachipangizo kokopera, ndi mmene ine ndinapezera yanga. Masayiti aja okuuzani kuti mutsitse kaye APK ina (fayilo yoikira pulogalamu pa Android) kuti gemu itseguke, thawani, gemu ya GBA imathera ndi .gba kapena ili mu zip, basi.

Mabatani a pasikirini amakwana pa Pokémon chifukwa sipafunika changu, koma pa magemu othamanga ndi kudumpha zala zimaterereka, makamaka m'nyengo yozizira zitauma. Ndikusunga ya kagamepadi ka Bluetooth, mwina kumapeto kwa mwezi.

Pano ndafika baji yachisanu. Lamlungu lililonse ndikaweruka, ndisanavule nsapato, ndimatumiza sevu kwa alamu pa WhatsApp, mpaka ayamba kundiyankha kuti "tailandira bwana." Sabata yatha ndinadutsa pa kashopu kaja ndikukagula chaja kwina, mnyamata uja anandikwezera mkono n'kufunsa ngati gemu ikuyendabe.