Zikomo nonse amene simunanditaye thupi litayambanso kubwerera

Ndiloleni lero ndiyamike pagulu, chifukwa anthu amene andigwira dzanja m'zaka zapitazi ndi ambiri moti sindingathe kufika pakhomo pa aliyense. Sabata yatha ndinakatenga zotsatira za kuchipatala. Shuga ali m'malo mwake, BP yakhazikika, magazi amene anachepa aja abwerera, ndipo sikelo yaima malo amodzi kwa miyezi yambiri tsopano. Siinabwerere pamene inatsikira nditangochitidwa opaleshoni, ayi. Koma yasiya kukwera, ndipo kwa ine imeneyi ndi nkhani yoimbira Mulungu nyimbo.

Ambiri mukudziwa kuti ndinapita ku India kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, imene madokotala amaitcha sleeve gastrectomy. Amadula n'kuchotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, n'kutsala kachigawo kopyapyala kooneka ngati nthochi. Sindinapite kofuna kukongola. Maondo anali atakana, shuga ankangokwera ngakhale ndinkamwa mankhwala mokhulupirika, ndipo usiku ndinkabanika kutulo mpaka bambo a ana ankachita kundigwedeza kuti aone ngati ndikupuma. Ndalama zake zinatuluka m'matumba ambiri: ngongole ya kuntchito, banki m'khonde yathu ya ku Area 25, komanso achimwene anga amene anagulitsa poloti yawo ya ku Lumbadzi.

Chaka choyamba thupi linatsika mofulumira. Kuno kwathu munthu ukaonda choncho anthu sakufunsa, amangonong'onezana. Ena ankati ndili ndi kachilombo, ena ankati banja likundivuta. Zimenezo ndinapirira, chifukwa ndinkakwera masitepe a ku ofesi ku City Centre osapumira panjira, ndipo ndinkatha kugwada kutchalitchi n'kudzuka ndekha.

Zondithyola mtima zinabwera pambuyo pake. Chaka chachiwiri chikutha, masiketi anayamba kuthina, mphete inayamba kuvuta kuvula, njala imene ndinaiwala ija inabwerera. Apa mawu a anthu anagawika pawiri. Amene sankadziwa nkhani yanga ankandilonjera ndi chimwemwe, "Eee amayi, tsopano ndiye mwayamba kuoneka bwino, thupi labwerera!" Amene ankaidziwa ankalankhulira kumbali kuti ndalama zonse zija zapita m'madzi. Mawu onse awiriwa ankabaya mofanana. Ndinasiya kupita ku zinkhoswe ndi ku maukwati, ndipo ndikamva kuti achimwene abwera, mtima unkagunda ndi manyazi. Kuchipatala cha kunja kuja nako anali atasiya kuyankha mauthenga anga.

Woyamba kumuthokoza ndi adokotala a kuno ku Lilongwe amene anandilandira pa nthawi imeneyo. Adokotala, simunandiyang'ane ndi diso loweruza. Munatenga pepala n'kundijambulira mzere wosonyeza mmene thupi limayendera opaleshoni ikachitika: limatsika kwambiri, limafika potsikitsitsa pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, kenako kwa anthu ambiri limakwerako ndithu, ngakhale ambiri safika pamene anayambira. Munandifotokozera za homoni yotchedwa ghrelin, imene imauza ubongo kuti munthu ali ndi njala. Yambiri imapangidwa m'chigawo cha chifu chimene amachotsa chija, n'chifukwa chake miyezi yoyamba njala imazimiririka, koma pakapita nthawi thupi limazolowera ndipo chilakolako cha chakudya chimabwerera. Munatinso thupi likataya makilogalamu ambiri limayamba kusunga mphamvu, limawotcha chakudya chochepa kuposa kale, pamene kachifu kaja nako kamatanukako pang'ono. Ndiye munanena mawu amene ndinapita nawo kunyumba ndikulira: "Mayi, simunalephere. Kunenepa kwambiri ndi matenda okhalitsa, ngakhale bungwe la World Health Organization limatero. Timawatsata moyo wonse monga timachitira ndi BP." Palibe amene anali atandiuzapo zimenezi m'Chichewa, pang'onopang'ono, mpaka nditamva.

Chachiwiri ndithokoze katswiri wa kadyedwe amene adokotalawo ananditumizako, mtsikana wamng'ono kwa ine, wophunzira ku Bunda. Achemwali, munandiuza kuti ndilembe m'kope chilichonse cholowa m'kamwa, ngakhale kachidutswa kolawa mu poto. Titakhala pansi kuwerenga kopelo, tinapeza kuti nsima imene aliyense ankailoza chala inalibe mlandu waukulu, chifukwa kachifu kanga kankalola mbamu zowerengeka basi. Zimene zinkadutsa mosavuta zinali zakumwa ndi zofewa: thobwa, maheu, tiyi wa mkaka wothira shuga, Sobo wa ana, mandasi a pa ofesi, mabisiketi amene ndinkadya usiku pofuna kuziziritsa chilungulira. Chilunguliracho chimavutitsa anthu ambiri amene anachitidwa sleeve, ndipo changa chinafunika mankhwala ake. Munandionetsa kuti botolo limodzi la 300 ml la zakumwa zoziziritsa kukhosi limatha kukhala ndi shuga wokwana pafupifupi timasipuni 8, ndipo chifu chaching'ono sichiletsa zamadzi kudutsa.

Chimene ndimakuyamikirani kwambiri n'chakuti simunandilembere zakudya za m'masitolo akuluakulu zimene sindingakwanitse. Munayambira pa magulu 6 a zakudya omwe aja amatiphunzitsa ku sikelo ya ana, n'kungosintha kotsogoza. Ndiwo ziyambe, nsima itsatire. Tsiku lililonse ndipeze zomanga thupi zosachepera magalamu 60, ndipo munandiwerengera kuti dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kenako tinawonjezera usipa, bonya, nyemba, nandolo, soya pieces, chambiko ndi nkhuku ikapezeka. Masamba a nkhwani, bonongwe ndi chisoso asasowe m'mbale. Madzi ndimwe pakapita mphindi 30 nditatha kudya, osamwera pamodzi ndi chakudya. Ndidye pa nthawi zoikika, nditakhala pansi, ndikutafuna bwinobwino, m'malo motolatola tsiku lonse. Zonsezi ndimagula pamsika wathu womwewu.

Koma malangizo a pa pepala sakanapita patali pakanapanda anthu a m'nyumba mwanga. Bambo a ana, inu simulankhula zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mukawerenga izi mungopukusa mutu. Tsiku limene ndinabwera ndi kope lija simunafunse kuti ndakwera makilogalamu angati. Madzulo ake munauza ana kuti Sobo watha ndipo sabweranso, mmawa mwake munamwa tiyi wopanda shuga nkhope ili gwa, inu amene munkathira masipuni atatu. Mumatema nsomba n'kuika mnofu m'kambale kanga musanagwire nsima yanu. Mukaona kuti ndadzuka pakati pa usiku n'kulunjika kukhitchini, mumadzuka nanu, n'kukhala nane pa mpando mpaka maganizo atatsika. Simunanditchulirepo ngongole ngakhale kamodzi, pamene ndikudziwa kuti ikukulemerani inunso.

Anti amene mumatithandiza ntchito pakhomo, zikomo. Munaphunzira kuwomola kamtanda kakang'ono ndi nsonga ya chipande, munachepetsa mafuta m'ndiwo popanda kudandaula, ndipo mumandiwiritsira mazira awiri oti ndinyamule ku ntchito ndisanakukumbutseni.

Apongozi anga akumudzi ku Mitundu ndiwapatse malo awoawo. Tonse tikudziwa kuti kwathu kuno kusiya nsima m'mbale ya apongozi ndi mwano, ndipo mlendo amene wadya pang'ono amasiya funso m'nyumba. Ulendo woyamba nditadya mbamu zochepa n'kusamba m'manja, Amayi anakhumudwa, anaganiza kuti ndanyoza kuphika kwawo. Mwana wawo anakhala nawo pansi n'kuwafotokozera zonse. Pa maliro a asibweni chaka chatha, azimayi atandiikira mitanda iwiri ndi chikho chodzaza thobwa n'kuyamba kundikakamiza, Amayi anadzuka pamphasa, anatenga mbaleyo n'kundibweretsera kambale ka nyemba ndi mpiru, ndipo anauza gulu lonse kuti, "Mwana wangayu musamukakamize. Akudya mmene adokotala anamuuzira, ndipo amene ine ndikufuna adzandiike m'manda ndi iyeyu." Palibe anayankha. Kuyambira tsiku limenelo kumudzi kuja ndimadya mwaufulu. Amayi, Mulungu akusungeni.

Pali munthu wina amene mwina sakudziwa n'komwe kuti anandichitira chachikulu, telala wanga wa pamsika. Nthawi imene ndinkatsika thupi ndinkamupititsira madiresi kuti awachepetse. Thupi litabwerera ndinanyamula madiresi omwewo m'jumbo, miyendo ikulemera, ndikukonzekera mafunso. Iye anangotembenuza diresi, n'kundionetsa kuti sanadule nsalu, anaipinda n'kuisiya m'kati mwa msoko. Anasomola ulusi, anandiyeza ndi tepi yake, analemba manambala m'kabuku osawatchula mokweza, n'kungoti, "Mubwere Lachisanu, amayi." Yunifolomu yanga ya Chigwirizano inandikwananso, ndipo Lamlungu lotsatira ndinapita kutchalitchi. Achimwene atelala, ulemu wanu unandibwezera pakati pa anthu.

Amayi anzanga a Chigwirizano, zikomo chifukwa chobwera kunyumba pamene ndinasowa, komanso chifukwa chosintha kalonjeredwe. Tsopano mumafunsa za maondo ndi za shuga m'malo monena za thupi. Zikomonso kwa mlangizi amene ndinkakaonana naye za nkhawa, amene anandithandiza kuona kuti kudya kwa usiku kuja kunkayenda limodzi ndi kusowa tulo ndi maganizo a ngongole. Anthu ambiri kuno timaopa kupita kwa alangizi otere poganiza kuti ndi za amisala. Ine ndinapita, ndipo ndinathandizika.

Mlamu wanga wa ku Johannesburg, inunso zikomo. Munthu wochitidwa opaleshoni iyi amamwa mavitamini moyo wake wonse, makamaka B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D, chifukwa thupi silipezanso zokwanira m'chakudya chochepacho. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'mafamase inandipitirira, ndinayamba kudumphitsa masiku, ndipo magazi anachepa mpaka ndinkachita chizungulire. Inu mutamva, simunadikire kuti ndipemphe. Kabokosi kanu kamafika pa basi nthawi yake isanakwane. Sindidzaiwala.

Ndinenepo pang'ono za mankhwala, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa kumbali. Inde, alipo majakisoni monga semaglutide, amene amagulitsidwa ndi maina a Ozempic ndi Wegovy, ndipo madokotala amawapereka kwa anthu ena amene thupi labwerera pambuyo pa opaleshoni. Tinakambirana ndi adokotala anga. Ndi odula kwambiri, ndipo munthu akawasiya thupi limakonda kubwereranso, choncho ife tinasankha kuyamba ndi kadyedwe, tulo ndi kuyenda. Amene akuwagwiritsa ntchito motsogozedwa ndi dokotala sindikuwanyoza m'pang'ono pomwe. Chimene chimandipweteka ndi anthu amene amagulitsa matiyi ochepetsa thupi ndi majakisoni osadziwika kochokera kwa azimayi amene ali kale ndi chisoni. Ambiri mwa matiyi amenewo amangotsegula m'mimba, ndipo kwa munthu wa chifu chodulidwa, amene madzi ndi michere zimamuvuta kale kupeza, ndi zoopsa. Chonde, abale anga, musadyere pa misozi ya anzanu.

Achimwene, ndakusungirani kumapeto chifukwa ndi inu amene ndinkakuopani kwambiri. Tsiku limene ndinalimba mtima n'kukuuzani kuti thupi likubwerera, ndinayamba ndi kupepesa za poloti ija. Munandidula mawu. Munati, "Poloti ija ndinagulitsira iwe, sindinagulitsire sikelo. Ukupuma bwino usiku? Shuga watsika? Ndiye ndalama yanga yagwira ntchito." Kenako munafunsa ngati kunyumba kuli nyemba zokwanira, ndipo sabata yomweyo munatumiza thumba. Bambo athu akanakhala moyo akanakunyadirani.

Ngati pali wina amene akuwerenga izi ali mmene ndinalili, wabisa sikelo kunsi kwa bedi ndipo akuzemba anthu amene anamuthandiza, ndikupempheni kuti mupite mukaonane ndi dokotala ngakhale amene anakuchitani opaleshoni ali kutali. Akayeze magazi, akaone mavitamini, akaonenso mankhwala ena amene mukumwa, chifukwa ena mwa iwo amanenepetsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kuno ku Lilongwe konkuno alipo anthu odziwa ntchito amene angakulandireni.

Pomaliza, anzanga oyenda nawo mmawa. Tinayamba awiri, ine ndi mnansi wanga wa BP, tikuyenda pang'onopang'ono m'misewu ya kufupi ndi Bingu National Stadium kunja kusanache bwino, ine ndikupumira pa mtengo uliwonse. Munkandidikira osaonetsa kuti mukundidikira. Lero gulu lakula, muli aphunzitsi, anamwino, amayi a geni ndi agogo awiri, ndipo tonse timayesetsa kukwanitsa mphindi 150 pa sabata zimene a zaumoyo amalimbikitsa. M'nyengo yozizira ya June ndi July, pamene bulangeti limakoma, ndi inu amene munkagogoda pa geti mpaka nditatuluka. Zikomo kwambiri, Ambuye akudalitseni nonse ndi mabanja anu. Loweruka likubwerali tinyamuka 5 koloko mmawa monga mwa nthawi zonse, ndipo aliyense wofuna kuyenda nafe abwere ndi botolo lake la madzi.