Patricia Kuhl ndi khutu la khanda

Teremu ino, pa phunziro la kakulidwe ka mwana, aliyense anapatsidwa wasayansi woti afufuze mbiri ya ntchito yake. Ine anandipatsa Patricia Kuhl wa ku University of Washington, mumzinda wa Seattle ku America, amene amafufuza mmene makanda amaphunzirira chinenero. Ndinkafuna kungolemba kuti anabadwa mu 1946, anatenga PhD ku University of Minnesota mu 1973, n'kupereka basi. Koma nditafika pa kafukufuku wake wa mamvekedwe a r ndi l, ndinaika cholembera pansi.

Ndili ku pulayimale, aphunzitsi ena ankandiimiritsa kutsogolo kuti ndibwereze "pray" ndi "play", anzanga akufa ndi phwete. Ine ndinkangomva liwu limodzi. Ndinakula ndikudziona ngati wa lilime lolemera.

Kuhl ndi anzake anayesa makanda a ku Japan ndi a ku America. Khanda limakhala pamiyendo pa mayi ake, sipika ikubwereza "ra, ra, ra". Ikangosintha n'kunena "la", khanda limene lamva kusiyanako limatembenuza mutu, ndipo kachidole kamayaka n'kuvina m'kabokosi. Pa miyezi 6 mpaka 8, magulu onse ankamva mofanana. Pofika miyezi 10 mpaka 12, a ku America anali atapita patsogolo, a ku Japan atabwerera m'mbuyo, poti Chijapani sichisiyanitsa mamvekedwe awiriwa. Chichewa chathunso sichiwasiyanitsa: timalemba r pambuyo pa i ndi e, kwina konse l, koma tanthauzo silisintha. Ndiye kuti ubongo wanga unasankha zoti uzimva ndili kumbuyo kwa amayi, ndisanayambe n'kuyenda komwe. Nditawerenga izi misozi inalengeza.

Chinandigwira mtima n'chakuti mayiyu wathera zaka zoposa 40 pa funso limodzi. Mu 1975 anali kuyesa tinyama totchedwa chinchilla, n'kupeza kuti nato timasiyanitsa "da" ndi "ta" ngati anthu. Mu 2003 gulu lake linatenga makanda a ku America a miyezi 9 n'kuwasonkhanitsa ndi anthu olankhula Chimandarini cha ku China maulendo 12, akusewera nawo ndi kuwawerengera mabuku. Makandawo anagwira mamvekedwe a chinenerocho. Ena anaonetsedwa zomwezo pa vidiyo, ena anangomvetsera mawu ojambulidwa, ndipo sanatolepo kanthu. Khanda limafuna munthu woliyang'ana m'maso. Ndinakumbukira mwana wa achemwali anga, amene timamupatsa foni akalira.

Ambiri m'kalasi mwathu akukachitira pulakitiko ku mkombaphala, kumene ana amafika ali ndi zaka zitatu. Zimene Kuhl amafufuza zimakhala zitachitika kalekale. Dzulo ndapempha aphunzitsi kuti ine anditumize ku sikelo, ndikakhale pabenchi ndi azimayi oyamwitsa, ndimve mmene amalankhulira ndi makanda awo podikira kuyezetsa.