Lupanga la m'chiguduli ku Mchinji

Tinatsika minibasi pa Kamwendo dzuwa lili paliwombo, kenako kabaza mpaka kumudzi, fumbi lokhalokha. Chotiyendetsa chinali lupanga. Mnzanga wina amatolera zitsulo zamakedzana, ndiye atamva kuti agogo ena akusunga lupanga lomwe akuti linamenya nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi Angerezi mu 1898, tulo tinamuthawa.

Agogo anatuluka nalo litakulungidwa m'chiguduli.

"Ligwireni bwino ananu, limeneli linamwa magazi."

Mnzangayo sanayang'ane n'komwe kunsonga. Anathamangira patsinde, pomwe chitsulo chimakumana ndi chigwiriro, n'kupukutapo ndi chala. Panaoneka kachisoti kachifumu, zilembo GR, nambala 1907, ndi dzina loti Wilkinson. Kumbuyo kwake kunali kachizindikiro konga phazi la nkhuku, kamene boma la Britain linkadinda pa katundu wake wankhondo. Kumapeto kwa chigwiriro kuli kamseru ndi kabatani. Lupanga wamba silikhala ndi zimenezi. Uwu unali mpeni wolumikiza kukamwa kwa mfuti ya Lee-Enfield, chitsulo chake chotalika mainchesi 17, ndipo 1907 ndi chaka chimene mtundu wake umadziwika nacho. Nkhondo ya Mpezeni inali itatha kale zaka 9.

Ine ndinangoti zii, kuopa kuti tawakhumudwitsa. Agogo anakhala chete pang'ono, kenako n'kuseka.

"Ndiye kuti ndi la malume anga aja anapita ku Keyala."

Basi nkhani inatembenukira ku Burma, komwe malumewo, ali msilikali wa Keyala (King's African Rifles), anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kubwerako ndi jombo, bulangete ndi chifuwa chosatha. Mpaka dzuwa kupendeka tili pamkeka.

Chinamupweteka mnzangayo ndi china. Mdzukulu wa pakhomopo, pofuna kusangalatsa alendo, anali atakwecha mbali imodzi ndi mchenga mpaka mbee ngati poto. Kwa osunga zinthu zakale kumeneko n'kuwononga, chifukwa mchenga umadya zilembo, ndipo kuda kwa chitsulo ndiko kumasonyeza msinkhu wake. Kansalu ndi timafuta ta makina osokera n'zokwanira. Kunena zoona ine mbali yowalayo ndi imene inandikongolera, koma sindinayerekeze kutsegula pakamwa.

Atafunsa mtengo, agogo anapukusa mutu, n'kulikulunganso m'chiguduli muja. Tinachoka ndi mtedza wodzaza jumbo.