Tambala wa Pasaka Amene Anakana Kulira

Popeza anzanga amene tinakulira limodzi ku Ndirande ayambiranso kukamba nkhani ya tambala, ndipo aliyense akuthirako mchere wake, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha mwini wake. Choyamba, si zoona kuti ndinaba nkhuku. Nkhukuyo inali ya pakhomo pathu, ndipo munthu sangabe chake, ngakhale kuti amayi anga mpaka lero sagwirizana nane pa mfundo imeneyi.

Chinali chaka cha 1994, ndipo Lachisanu Loyera linali pa 1 Epulo, tsiku la zitsiru, zimene zikanayenera kundichenjeza. Kwathu mwambo wa Pasaka sunkasintha. Lenti yonse tinkalimbana ndi nyemba, usipa ndi chisoso, kenako pa Lachinayi Loyera bambo ankabwera kuchokera kumsika atakoleka tambala pa njinga, n'kumumanga mwendo pa mtengo wa papaya kuseri kwa nyumba. Lamulungu tikachoka ku Misa kunkakhala mpunga, nkhuku ndi Sobo wa malalanje, ndipo azakhali ankabwera ndi ana awo kuchokera ku Bangwe. Nkhuku imodziyo inkagawidwa kwa anthu 11. Nthutumba inali ya bambo, ife ana tinkalandira phazi kapena khosi, koma phazi limenelo tinkaliyembekezera masiku 40.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka 10, ndipo akatekisiti anandisankha kuti ndikhale nawo m'sewero la masautso a Ambuye. Ine ndinkafuna kukhala msilikali wa Chiroma, wa chipewa cha katoni ndi mkondo wa nsungwi, koma iwo atamva kuonda kwa mawu anga ananena kuti ndikhala tambala. Ntchito yanga inali yobisala kuseri kwa chitenje n'kulira kamodzi Petulo akakana Yesu kachitatu. Poyeserera, asilikali aja ankagwa nacho chikhakhali, n'kumati ndikulira ngati nkhuku ya chitopa. Ndiye munthu woganiza bwino aliyense, podziwa kuti kuseri kwa nyumba yake kwamangidwa katswiri weniweni wa ntchitoyo, akanachita zimene ndinachita ine. Amayi atatsogola kutchalitchi, ndinamasula tambala uja, ndinamulonga m'thumba la ufa, n'kumunyamula ngati zovala za sewero.

Zonse zinayenda bwino mpaka pa bwalo la mkulu wa ansembe. Amene ankasewera Petulo anali bambo wina wa m'kwaya, wa ndevu zakezake zenizeni, ndipo ankaotha moto pa mbaula dzuwa lili pamutu. Mtsikana anamufunsa, iye anakana. Anafunsidwanso, anakana. Kachitatu anakana molumbira, n'kupendeketsa mutu kuti amve kulira kwa tambala ndi kuyamba kulira kwake kumene anakonzekera milungu itatu.

Kuseri kwa chitenje ndinatulutsa mutu wa tambala m'thumba n'kumunong'oneza kuti nthawi yakwana. Tambala anandiyang'ana ndi diso limodzi, kenako anatembenuza mutu n'kundiyang'ana ndi linalo, monga munthu amene wamva kale zimene banja lathu likufuna kumuchita Lamulungu. Ndinamugwedeza. Ndinamuuzira mpweya kumaso. Ndinamukoka nthenga ya kumchira. Ndinafika mpaka pomuyambitsira nyimbo chapansipansi, kuti mwina waiwala poyambira. Bwalo lonse linali zii, anthu mazanamazana atagwada pa fumbi, ndipo chimene chinkamveka ndi makala akuthetheka mu mbaula.

Mtsikana uja, posafuna kuti sewero life, anafunsanso kachinayi, ndipo Petulo anakananso. Anafunsa kachisanu. Pofika kachisanu ndi chimodzi mawu a m'Baibulo anali atamuthera Petulo, moti anayamba kupeka ake. Ananena kuti iye kwawo ndi ku Mulanje, Galileya sanapondeko, ndipo nsomba sadya n'komwe chifukwa zimamutulutsa ziwengo. Yesu, amene anaima chapatali atamangidwa manja ndi chingwe choyanikira zovala, anayamba kunjenjemera mapewa, ndipo amayi a m'mphakati anaganiza kuti ndi chisoni, n'kuyambapo kulira. Anzanga amati Petulo anakana ka 12. Limenelo ndi bodza, chifukwa ndinkawerenga ndine, ndipo anakana kasanu ndi kawiri basi.

Pa kukana komalizako ndinafinya tambala mwamphamvu ndithu, ndipo iye anandipala pamkono, anatuluka m'thumba ali mbuu ndi ufa, anadumpha chitenje n'kukatera pa beseni limene Pilato ankayembekezera kusambamo m'manja. Atakupiza mapiko ufa unayoyoka, ndipo aliyense anaona kuti ndi tambala wakuda. Kumbukirani kuti kunali kutatsala mwezi ndi theka kuti kuchitike chisankho cha pa 17 Meyi, ndipo tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani cha Kongeresi. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Taonani, nayenso wasowa chonena!" Anthu amene anasala kudya kuyambira m'mawa anaseka mpaka kugwira pansi.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimavomereza kuti sichinathandize. Poona kuti Petulo watsala pang'ono kukana kachisanu ndi chitatu, ndinaimirira kuseri kwa chitenje n'kulira ndekha kuti kokoliliko, ndi mawu anga achitopa aja, tambala weniweni ali poyera, kukamwa kuli kotseka, akumwa madzi a Pilato mwaulemu. Petulo anayang'ana tambala, anayang'ana ine, n'kusankha kulira basi. Asilikali anasiya mkaidi wawo n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku ndi mikondo, koma inawazemba n'kukwera padenga la kalasi.

Tinapitiriza sewero ngati kuti palibe chachitika. Tinafika pa Gologota cha m'ma 3 koloko, anthu atabwereranso m'mapemphero, ndipo Yesu atangonena kuti "Kwatha" n'kuweramitsa mutu, tambala uja anatambasula khosi padenga paja n'kulira momveka mpaka ku phiri la Ndirande. Sindinamvepo tambala wa mawu okoma chotero.

Akatekisiti atandigwira khutu ndinalibe poyankhira, koma nditakula ndinapeza kuti pa Maliko 14:30 Ambuye ananena kuti tambala adzalira kawiri. Langa linali loyamba, lake linali lachiwiri. Kuti pakati pake panadutsa maola awiri, imeneyo ndi nkhani ya kayendetsedwe ka sewero, ndipo woyendetsa sindinali ine.

Tambalayo anaoneka komaliza akulowera cha ku mtsinje wa Nasolo. Lamulungu azakhali anafika kuchokera ku Bangwe atavala chitenje chatsopano, ndipo amayi anawaikira mpunga ndi nyemba popanda kufotokoza chilichonse, anangondiloza ndi chipande. Bambo anangofunsa kuti, "Mwana iwe, thumba la ufa lija nalonso linauluka?" Thumbalo ndinali nditaliiwala kutchalitchi. Madzulo ake kunkamveka fungo la nkhuku yokazinga kuchokera m'nyumba ina ya kumunsi, imene eni ake sankapemphera n'komwe, koma umboni ndinalibe.

Chaka chotsatira anandiika m'khamu la anthu okuwa kuti "Mpachikeni", ndipo anandiuza kuti ndibwere chimanjamanja.