Bokosi la Merneptah linafika bwanji ku Tanis?

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Temu yonse ino nkhani ya mzere wa 21 wa mafumu a ku Egypt yakhala ikundizunguza mutu, ndipo wandimasula ndi farao amene ambiri timangolumpha dzina lake pamndandanda, Psusennes I. Kunena mosapsatira, chandimasula si munthuyo ayi, koma bokosi lamwala limene anamugonekamo, lomwe silinali lake n'komwe, linali la farao wina wakale, Merneptah.

Za mapiramidi, shaduf ndi kaumitsidwe ka mitembo sindibwereza, tinaziloweza kale ku sekondale. Zoti ulemerero wa New Kingdom, nyengo ya mafumu a mzere wa 18 mpaka 20, unatha ndi Ramesses XI cha m'ma 1070 BC nanunso mukuzidziwa. Zimene zinkandisokoneza ndi zotsatira zake. Manotsi onse amanena chimodzimodzi: dziko linagawikana pawiri, farao kumpoto ku Tanis, akulu a ansembe a mulungu Amun kummwera ku Thebes, malire ali cha ku el-Hiba kumene kunali linga. Ukawerenga choncho, m'maganizo mumabwera adani awiri atayang'anizana, mikondo ili m'manja. Ndiye ufunefune nkhondo yawo, suipeza. Ansembe a ku Thebes anali ndi asilikali awoawo, ena mpaka ankalemba mayina awo mu cartouche, mzere wozungulira dzina la farao, ngati mafumu, komabe zaka ankawerengera za farao wa ku Tanis. Kugawikana kwa mtundu wanji kumeneku? Ndinkaloweza, koma m'mutu sizinkakhazikika.

Psusennes analamulira zaka zopitirira 40, kuyambira cha m'ma 1040 BC kufika cha m'ma 1000 BC. Manda ake anawapeza Pierre Montet, katswiri wofukula zakale wa ku France, mkati mwenimweni mwa mpanda wa kachisi wa Amun ku Tanis, malo amene lero amatchedwa San el-Hagar. Amene mumawerenga Baibulo, mzinda wa Zoan uja ndi womwewu. Mu 1939 Montet analowa m'chipinda chakumaso cha mandawo n'kupezamo mfumu ina, Shoshenq II, m'bokosi lasiliva la mutu wa mphamba. Mu February 1940 anatsegula chipinda cha Psusennes mwiniwake, chimene chinatsekedwa ndi chimwala cha granite, ndipo akuba anali asanapondemo chimuikire. Kumbukirani kuti ngakhale kwa Tutankhamun mbava zinali zitalowako kalekale Howard Carter asanafike mu 1922. Kwa Psusennes zonse zinali m'malo mwake: chophimba kumaso chagolide, mikanda, zibangili, tizisoti tagolide tovala kuzala, mbale zagolide ndi zasiliva. Tsoka lake n'lakuti dziko linali pankhondo. Patangopita miyezi itatu Germany inalowa m'France, ndipo nyuzipepala zinalibe malo a mfumu yomwalira zaka 3,000 zapitazo. Tutankhamun, mnyamata amene analamulira zaka zosakwana khumi ndi ziwiri, amadziwika ndi mwana aliyense, nkhalamba ya zaka 40 pampando ayi.

Mabokosi analipo atatu, lina mkati mwa linzake. Lamkati ndi lasiliva, ndipo ndi limene anthu amathamangira kujambula ku Egyptian Museum mumzinda wa Cairo, popeza Egypt anali dziko la golide koma siliva ankamupeza movutikira, wambiri kuchokera kunja. Lapakati ndi la granite wakuda, losemedwa ngati munthu, lomwe poyamba linali la munthu wina wa nthawi ya New Kingdom. Lakunja, lalikulu, la granite wofiirira, linali la Merneptah, mwana wa Ramesses II, amene anamwalira cha m'ma 1203 BC, zaka pafupifupi 200 Psusennes asanatsikire kumanda. Amisiri anafufuta mayina a mwini bokosi n'kulembapo a Psusennes, koma pa chivundikiro cartouche imodzi ya Merneptah inawapulumuka. Buku limene tikugwiritsa ntchito limangotchula zimenezi m'mzere umodzi, ngati kankhani koseketsa ka farao wosauka wobwereka bokosi.

Taganizani bwino koma. Manda a Merneptah ali ku Valley of the Kings, chigwa cha manda a mafumu, kutsidya kwa mtsinje ukachokera ku Thebes. Kumeneko n'kwa ansembe. Chimwala chotere sungachibe usiku n'kuchibisa m'nsalu. Merneptah anaikidwa m'mabokosi anayi olowetsana, ndipo kuti atulutse lachitatuli anachita kuphwanya akunja awiri, omwe zivundikiro zake zinatsala m'mandamo. Kenako kulikoka chokwera m'mpita wautali wa mandawo, kutsika nalo m'chigwa, kudutsa m'minda kukafika kugombe, kulikweza m'chombo, n'kuyenda nalo makilomita opitirira 700 kutsata madzi, kudutsa pa linga la el-Hiba lomwe lija. Pamenepa pafunika amisiri, chinamtindi cha anthu okoka, chakudya chawo, zingwe, zombo, komanso wina wamphamvu wovomereza. Nanga wovomereza ku Thebes m'zaka zimenezo anali ndani? Menkheperre, amene anakhala mkulu wa ansembe a Amun pafupifupi nthawi yonse ya ulamuliro wa Psusennes. Ndipo awiriwa bambo wawo anali mmodzi, Pinedjem I.

Basi, zinatsegukira pamenepo.

Pinedjem I anali mkulu wa ansembe ku Thebes, kenako anadzipatsa mayina achifumu, unsembe n'kusiyira ana ake motsatizana: Masaharta, Djedkhonsuefankh, kenako Menkheperre. Mwana wina, Psusennes, wobadwa kwa Henuttawy, ndiye anakakhala pampando wa ku Tanis pambuyo pa mafumu Smendes ndi Amenemnisu. Mkazi wamkulu wa Psusennes, Mutnedjmet, anali wa m'banja lomwelo. Mwana wake wamkazi, Isetemkheb, anakwatiwa ndi Menkheperre, m'bale wa bambo ake. Psusennes nayenso ankadzitcha mkulu wa ansembe a Amun, ndipo Tanis anaimanga motsanzira Thebes, milungu yake yomweyo, Amun, Mut ndi Khonsu, mpanda wake wa zidina zodindidwa dzina lake. Choncho zimene manotsi amajambula ngati maboma awiri odana, m'zaka za Psusennes linali banja limodzi litagwira mbali zonse ziwiri za mtsinje, wina kumtunda wina kumathiriro. Nkhondo ndinkaisowa chifukwa panalibe woti amenyane naye.

Ndipo bokosilo linali lopanda mwini pa nthawiyo, izinso zikulowa bwinobwino. Kumapeto kwa mzere wa 20 Egypt anataya Nubia pa mkangano wa Panehesy, amene anali bwanamkubwa wa kumeneko, ndipo golide wa kummwera anasiya kubwera monga kale. Milandu ya akuba m'manda inali itayamba kale kuzengedwa m'nthawi ya Ramesses IX. Akuluakulu a ku Thebes anayamba kutsegula manda a mafumu akale iwo eni, kukulunganso mitemboyo m'nsalu zatsopano, kulembapo mayina, n'kuisonkhanitsa m'malo obisika. Mlembi Butehamun dzina lake limapezeka pa ntchito imeneyi. Mitemboyo inapulumukadi, n'chifukwa chake ina inapezeka ku Deir el-Bahari, pafupi ndi chigwacho, mu 1881, ndipo wa Merneptah unapezeka mu 1898 m'manda a Amenhotep II. Koma inapezeka yopanda golide wake. Chigwa chija chinasanduka nkhokwe ya boma, ndipo woyang'anira nkhokweyo anali m'bale wa farao.

Njira imene yandithandiza ndikufuna nonse muyese, chifukwa ine ndafika poikhulupirira kuposa buku lililonse. Tengani pepala lalikulu, jambulani Nile kuchokera ku Aswan kukafika kunyanja, ndipo mtundu wa banja la mafumu muulembe pamapu pomwepo, osati patsamba lina. Aliyense mumuike pamene ankakhala. Kenako chinthu chilichonse chimene buku latchula, bokosi, chipilala, mkanda, mtembo, mkazi wokwatiwa, muchikokere muvi kuchokera kumene chinali kupita kumene chinapezeka, n'kudzifunsa kuti anachinyamula ndani, anavomereza ndani. Zaka ziikeni pambuyo. Mivi ikayamba kudutsa malire amene manotsi akuti anali otseka, dziwani kuti manotsiwo afupikitsa nkhani. Ndikuona ngati njirayi ingamasule mutu uliwonse wa mbiri yakale, ngakhale wa malonda a ku Great Zimbabwe umene ukubwera temu ya mawa. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera akuti ndikukokomeza, akuti si zonse zimasiya mwala woti uukokere muvi. Mwina. Koma iye akulowezabe mndandanda wa mayina, ndipo ukamufunsa chifukwa chake Tanis ndi Thebes sanamenyane amangoyang'ana kudenga.

Tanis yeniyeniyo ndi umboni wina. Montet ankakhulupirira kuti wapeza Pi-Ramesses, likulu la Ramesses II, ndipo sitingamunene, chifukwa paliponse pamene ankafukula pankatuluka ziboliboli, zipilala ndi miyala ya dzina la Ramesses II. Koma Pi-Ramesses anali ku Qantir, makilomita osapitirira 30 chakummwera, monga anaganizira Mahmoud Hamza ndi Labib Habachi, ndipo kafukufuku wa Manfred Bietak pa mayendedwe akale a mtsinje anadzatsimikiza. Nthambi ya Nile imene inkadutsa pa Pi-Ramesses inakwiririka ndi matope, doko linafa, ndipo mafumu a mzere wa 21 anasamutsa mzindawo mwala ndi mwala kupita pa nthambi imene inali ndi madzi. Zili ngati munthu akamasamuka pamudzi, amazula malata, zitseko ndi mafelemu n'kukamangira kwatsopano, ndipo wobwera pambuyo akawerenga dzina lolembedwa pachitseko angaganize kuti mwini dzinalo anakhalapo pamenepo. Ziboliboli zina zinafika ku Tanis mapazi ake atatsala ku Qantir. Ku Delta, kumathiriro a Nile, kulibe miyala yomangira, ndiye mzinda wakufa wodzaza granite wosemasema ukanasiyidwa bwanji? Dzina pamwala limakuuza amene anausemetsa, za amene anauika pamene waupezapo limakhala chete.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi munthu amachita kudzifukulira yekha. M'kalasi farao Akhenaten tinakhala naye masabata, dzuwa lake, mkazi wake, mutu wake wautali. Third Intermediate Period yonse, nyengo yoyamba ndi mzere wa 21, zaka pafupifupi 400, inapatsidwa phunziro limodzi la masana, aphunzitsi akuyang'ana wotchi, n'kutiuza kuti inali nthawi ya chisokonezo ndi kufooka, tilembe choncho. Kufooka inde kunalipo, Egypt sankalamuliranso Canaan kapena Nubia. Koma munthu amene wakhala pampando zaka zopitirira 40, wamanga likulu, waikidwa m'bokosi lasiliva, ndipo manda ake akhala osakhudzidwa pamene a Ramesses II anasesedwa, kumuika m'thumba limodzi lolembedwa kuti chisokonezo n'kumulakwira. Sindikuwada aphunzitsiwo, silabasi ndi yaitali ndipo temu ndi yaifupi. Koma funso limodzi lokha, loti bokosili linayenda bwanji, likanatipulumutsa ambiri. Onjezani kuti buku labwino la nyengoyi mulaibulale ndi limodzi, ndipo amene walitenga salibweza msanga. Onjezaninso zaka. Buku lina limayamba ulamuliro wa Psusennes mu 1047 BC, lina mu 1039 BC, ndipo gwero la vutoli ndi alembi a nthawiyo, amene pansalu za mitembo nthawi zambiri ankangolemba kuti chaka chakutichakuti osatchula mfumu yake. Iwo ankadziwa amene akulamulira, ife ndiye tivutike. Pamayeso ndidzalemba "cha m'ma" ndipo wochonga adzandikhululukire.

Za Psusennes payekha tili ndi zochepa, chifukwa chinyontho cha ku Delta chinawononga zamatabwa, nsalu ndi mnofu, n'kusiya mafupa ndi zitsulo. Douglas Derry, amene anapima mafupawo mu 1940, anapeza nkhalamba ya mano othaitha, chithupsa m'kamwa, ndi nyamakazi yoopsa imene iyenera kuti inkamulepheretsa kuyenda bwino m'zaka zake zomaliza. Ndikayang'ana chithunzi cha nkhope yagolide yosalala ija ndimakumbukira msana umenewo. Anamulowa m'malo Amenemope, amene anadzaikidwa m'manda omwewo, m'chipinda chimene anakonzera Mutnedjmet. Mkulu wa asilikali Wendjebauendjed nayenso anagona momwemo, ndipo chipinda chake chinapezeka nkhondo itatha, mu 1946.

Pamene sindinakhazikike ndi apa. Muvi wanga ukusonyeza kuti bokosi linachoka kummwera kupita kumpoto movomerezeka, koma sukunena mtima umene linapitira. Ingakhale mphatso ya munthu kwa m'bale wake, angakhale malonda, ungakhale msonkho woperekedwa mokukuta mano. Ubale wa magazi sutanthauza chikondi, makamaka pa mpando. Menkheperre yemweyo analimbitsa linga la el-Hiba, zidina za dzina lake zilipo, ndipo munthu samanga linga popanda amene akumuopa, kaya anali mafumu aang'ono ochokera ku Libya amene anali atadzaza kumpoto, kaya wina wapafupi kuposa pamenepo. Ku Thebes komwe anapeza otsutsa, mpaka anachita kuitanitsa anthu amene anathamangitsidwira kuchipululu kuti abwerere kwawo. Kenako pali nkhani ya kugona m'bokosi la mfumu ina. Tsiku lina ndimaona ngati kusowa chabe, granite ali kutali ku Aswan ndipo wosemasema ali pafupi. Tsiku lina ndimaona ngati Psusennes ankafuna dala kudziphatika ku banja la Ramesses, kuti aoneke wolowa m'malo mwawo ngakhale kumanda. Koma ngati ankafuna zimenezo, anafufutiranji mayina? Ndipo ngati ankafuna kubisa, cartouche imodzi ija inatsala mwangozi kapena wina anaisiya akudziwa? Asainimenti ikufunika Lachisanu, ndipo ndime yomaliza sindinadziwe kuti ndiipendeketsera mbali iti.