Ndani anawapatsa imelo yanga?

Lolemba m'mawa ndinatsegula kompyuta kulaibulale komwe ndimagwira ntchito kuti ndiyankhe mphunzitsi wa zaulimi amene AGORA, nkhokwe ya pa intaneti ya kafukufuku wa zaulimi, inkamukana kulowa kuyambira Lachisanu. Uthenga wake ndinaupeza pansi penipeni, utakwiririka ndi maimelo a amalonda. Awa akugulitsa ma e-book, awa makina a RFID oika pakhomo kuti mabuku asamabedwe, awa akundiitanira ku webinar, msonkhano wa pa intaneti, pakati pa usiku. Onse akunditchula dzina ndi udindo ngati tinadyerapo nsima mbale imodzi.

Makampani amenewa sindinawalemberepo. Komanso akungotaya nthawi yawo, chifukwa mitengo yawo ndi ya madola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, laibulale yathu imangodalira Research4Life, yomwe imapereka zakafukufuku za pa intaneti mwaulere kapena motchipa, ndi zomwe timagula pamodzi ndi anzathu kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi. Ngakhale Koha, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera laibulale, tinaisankha poti ndi yaulere.

Lachiwiri ndinaugwira mchira. M'maimelo onsewo dzina la dipatimenti yathu linali lolakwika mofanana, chilembo chimodzi chosowa. Ndinakumbuka kuti ndinalilemba choncho ndekha, mothamanga, polembetsa umembala ndi msonkhano wa bungwe lina la akatswiri a malaibulale lakunja. Nditafukula fomu ija ndinapeza kabokosi pansi, kochongedwa kale, kovomereza kuti "abwenzi" a bungwelo azindilembera. Sindinakaone. Kumsonkhanoko ndinalolanso anyamata a pamatebulo a malonda kujambula QR code ya pabaji yanga pofuna cholembera ndi kachikwama. Kachikwamako kanang'ambika kalekale.

Lachitatu ndiye linandiwawa. Kunabwera mkulu wina wa pasukulu pano kufuna kudziwa ophunzira amene anabwereka buku lina, poti akuwaganizira kuti anakopera. Ndinawauza kuti, "Pepani bwana, zimenezo sitipereka." Anakwiya, koma sindinasunthe. Mwambo umenewu ndi wakale pantchito yathu: malamulo a khalidwe a American Library Association a mu 1939 ananena kale kuti zachinsinsi za wowerenga siziyenera kuululidwa, ndipo a IFLA, bungwe la malaibulale la padziko lonse, a mu 2012 akunenanso zomwezo. Timaphunzitsa izi kwa aliyense wobwera kudzayeserera ntchito. Atatuluka bwanawo, ndinabwerera pakompyuta n'kupeza maimelo ena atatu. Ife olondera zinsinsi za anthu, mayina athu akuyenda m'manja mwa amalonda ngati mndandanda wa chipereganyu, ndipo anawatulutsa ndi bungwe lathu lomwe, limene timalipirako umembala chaka ndi chaka.

Lachinayi lonse linathera pa unsubscribe, kudzichotsa pamindandanda ya amalondawo, netiweki ikudukaduka. Makampani a ku America lamulo lawo la CAN-SPAM la mu 2003 limawalola kukulembera usanavomere, bola akusiye pasanathe masiku 10 ogwira ntchito ukawakana. A ku Ulaya ali pansi pa GDPR, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, kuyambira 2018, ndipo ukawafunsa ayenera kukuuza komwe anatenga dzina lako pasanathe mwezi. Ndinalembera awiri. Kuno kwathu tili ndi Data Protection Act ya 2024 yomwe akuyang'anira ndi a MACRA, ngakhale anzanga ambiri sanaitsegulepo.

Lachisanu masana tinakumana kakomiti kokonza maphunziro a masiku awiri a ogwira ntchito m'malaibulale a m'chigawo chathu. Msungichuma, mayi wachikulire amene anandiphunzitsa ntchito ya catalogue, anati kampani yogulitsa mabuku yavomera kulipira holo ndi nkhomaliro, koma ikufuna mayina, maimelo ndi manambala a foni a onse obwera. Ndinafotokoza za sabata yangayi. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, ukufuna anthu adzadye chinsinsicho?"

Tonse tinaseka, ndipo sankanama: popanda amalondawo misonkhano yathu yambiri sikanachitika. Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Pamapeto tinagwirizana kuti pafomu pakhale kabokosi kosachonga, dzina la kampaniyo lilembedwe poyera, ndipo manambala a foni asaperekedwe. Wofuna malonda achonge yekha.

Amayiwo anatseka kope lawo n'kunena kuti, "Chabwino. Koma akakana kulipira nkhomaliro, ukawaimbire ndiwe." Nambala ya kampaniyo anandilembera pakapepala, ndipo ili pansi pa kiyibodi yanga kudikira Lolemba.