Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Tebulo la Alimi

Mu June 2020, kuzizira kwa ku Mzuzu kutafika pachimake, ndinkasamalira makompyuta mu ofesi ina yaing'ono ku Katoto, imene inkasunga maina a alimi a khofi pamodzi ndi makilogalamu amene aliyense wabweretsa. Tinali titangosamutsira zolemba zonse pa seva (kompyuta yaikulu yosungira zolemba) yatsopano ya PostgreSQL 12, pulogalamu yosunga zolemba m'matebulo, koma laputopu yanga ya Ubuntu 18.04 inali ikadali ndi psql 10, mtundu wakale wa pulogalamu yolankhulira ndi sevayo.

Lolemba m'mawa ndinalemba lamulo lakuti \d alimi mu psql kuti ndione mmene tebulo la alimi linakonzedwera. M'malo mwa maina a makolamu, panatuluka mzere umodzi wokha: "column c.relhasoids does not exist". Ndinathamangira pa kompyuta ya Windows ya mayi amene ankalowetsa maina, imene inali ndi psql yatsopano. Pamenepo \d+, lamulo lofanana ndi \d koma loonetsa zambiri, linayankha ndithu, koma m'mawu ofotokozera amene tinalemba m'Chitumbuka, liwu lakuti "ŵalimi" linkaoneka ngati "Åµalimi". Ndisanamvetse n'komwe, magetsi anaphethira, kompyutayo n'kuzima.

"Achimwene, kodi maina athu onse apita?" anandifunsa mayiwo atagwira kukamwa. Ine thukuta linali kamukamu m'chisanu chonsecho.

Kunena zoona, ndinali nditatsegula kale fayilo imene tinasungira pambali Lachisanu lapita, ndipo ndikanaibwezeretsa, ntchito ya Loweruka lonse ikanafafanizika. Chinandiletsa ndi chidwi chabe. Ndinati ndiyambe ndawerenga mizere ya m'tebulomo ndi lamulo la SELECT, ndipo alimi onse anali momwemo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anasowa.

Madzulo ndi pamene ndinazindikira chimene chinachitika. Lamulo la \d silikhudza zolemba za alimi ayi, koma limachititsa psql kufunsa matebulo a seva yeniyeniyo, monga pg_class, za mmene tebulo lilili. Mu PostgreSQL 12, imene inatuluka mu October 2019, kolamu ya relhasoids inachotsedwa mu pg_class, koma psql yanga yakale inkaifunabe, ngati munthu wogogoda pa nyumba imene eni ake anasamuka kalekale. Chondichititsa manyazi n'chakuti pulogalamuyo inkandichenjeza nthawi iliyonse ndikalowa kuti iyo ndi 10 pamene seva ndi 12, ndipo ine ndinkangodutsa osawerenga.

Nkhani ya ŵ inali yosiyana. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'kompyuta, chilembo chimenechi chimasungidwa m'ma byte awiri, C5 ndi B5, ndipo zenera limene likuwerenga motsatira njira ina yotchedwa Windows-1252 limatenga iliyonse ngati chilembo chakechake, Å ndi µ. Nditasintha zeneralo kuti liziwerenga UTF-8 ndi lamulo la chcp 65001 n'kulemba \encoding UTF8, ŵ anabwerera ndi kachipewa kake.

Tsiku lotsatira ndinaika psql 12 pa laputopu, kenako ndinalemba kalata yopempha abwana kuti atigulire UPS, chipangizo cha batire choteteza kompyuta kuti isazime magetsi akathima. Yankho lawo ndidzalifotokoza m'gawo likubwerali.